Kompyuta ya Malemu Itafuna Intaneti

Kompyuta yomwe inapangidwa intaneti isanabadwe n'komwe inadandaula Loweruka masana kuti intaneti yathawa. Mpamene nkhani yonse inayambira.

Sajeni, mayi wapolisi, anaimva pafoni ali pakati pochapa, poti tsikulo sanali pantchito. Woimbayo anali mlongo wake wamng'ono, mkonzi wa mafoni ndi mawailesi. "Achemwali, bwerani kushopu. Akuti ndaba." Sajeni anasiya zovala m'beseni, n'kutuluka manja ali thovu lokhalokha.

Kuseri kwa shopuyo kunali kachipinda komwe Loweruka lililonse kunkakumana anthu okonda makompyuta akale, aja olumikiza ku tivi, otenga masewera kuchokera mu kaseti. Sajeni ankawatcha a mpingo wa fumbi. Amuna ake, mphunzitsi wa sayansi, ndiye anali mkulu weniweni wa mpingowo, ndipo anzawo anawapatsa dzina loti a Chete chifukwa chokonda kukhalitsa anthu chete. Chuma cha gululo chinali kompyuta ya malemu amene analiyambitsa, pamodzi ndi kaseti ya masewera omwe malemuyo analemba yekha ali wachinyamata. Mkazi wake wamasiye ankabwera nazo yekha n'kubwerera nazo yekha. Sabata imeneyo yokha ndi yomwe anazisiya kushopu kuti mkonzi atsuke mabatani.

Sajeni atalowa anapeza kompyutayo ili patebulo, chivundikiro chili pambali. M'kati munali mphepo yokhayokha. Bolodi lalikulu lija, mtima wa makinawo, kunalibe. M'malo mwake munali kabolodi kamakono kochepa ngati bokosi la machesi, ndi mabawuti omata ndi tepi kuti wonyamula azimva kulemera.

"Taonani, a Sajeni," anatero mayi wamasiyeyo atakhala pampando, chikwama chili pamiyendo. Ankalankhula pang'onopang'ono, osakweza mawu. "Masewera ali pakati, tivi yangoyera kuti mbee, n'kulemba kuti palibe intaneti. Amuna anga anamwalira osalowapo pa intaneti. Ndiye ndinati tsegulani tione."

"Amayi, ndipatseni mpata ndifunsefunse kaye."

"Funsani. Koma uyu ndi mlongo wanu, ndipo chibale ndi fupa. Dzuwa likapendeka ndipita kupolisi, kwa anzanu, osati kwa inu."

Sajeni anadziwa tanthauzo lake. Mwana wa mlongo wake anali asanathe ngakhale sabata chibadwire. Mkonzi akangogona m'chitokosi kamodzi pa mlandu wochotsa zam'kati mwa katundu wa kasitomala, ndani angamusiyirenso foni? Shopu ikanafa, banja n'kufera limodzi.

A Chete anali ataima pazenera, manja ali m'thumba. Anatsokomola monga amachitira asanayambe phunziro. "Ine ndinanena kale, mayi, kuti makina otere sagona pashopu. Alamu ndi munthu wabwino, koma malo ano amalowa aliyense. Ine mutu ukundiwawa, mundipeza kunyumba." Anatenga chipewa chawo n'kutuluka, ndipo palibe anawaletsa.

* * *

Sajeni anakokera mlongo wake kutsogolo kwa shopu, pakati pa mawailesi ong'ambika mimba, n'kutseka chitseko.

"Iwe, tandiyang'ane. Unaitsegula?"

"Mabatani okha. Lolemba. M'kati zonse zinalimo."

"Kenako?"

"Ndinaiika m'kabati. Lachitatu mlamu wanu anayamba kudwala. Lachinayi lonse ndinali kuchipatala. Shopu inali yotseka."

"Alipo anakuona?"

"Manesi. Apongozi. Mwana yemwe." Anayesa kuseka koma kusekako kunakana.

"Lachisanu?"

"Ndinatsegula. Kabati sindinaigwire."

Anali choncho chibadwire, mawu ochita kukoka ngati dzino. Sajeni anamulera yekha makolo awo atamwalira, ndipo ankadziwa kuti akamanama amasisita chala chachikulu pamsomali wa chala china. Mpaka pamenepa manja ake anali phee. Anapita kukaona loko wa chitseko, wa kabati ndi mawindo. Panalibe pothyoka kapena pokandika. Wolowayo analowa ngati mwini nyumba.

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Ine ndekha."

"Wekha?"

"Ndekha, achemwali."

Chala chachikulu chija chinayamba kusisita msomali. Koma makiyi ena a shopuyi Sajeni ankawadziwa bwino lomwe. Anali pamsomali kuseri kwa chitseko cha khitchini ya kwa iye mwini, ndipo anawapachika pamenepo ndi mlongo wakeyu. Nanga ankanamiranji?

* * *

Panja, pakhonde, bambo wina wotchedwa Magalasi ankangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Ndiye anali wolemba mapulogalamu a makompyuta pagululo, ndipo aliyense akanayamba kuloza iye. Analemba tsamba la pa intaneti lomwe ukalitsegula, foni kapena laputopu yako imasanduka kompyuta yakale ija, mitundu yake, kulira kwake, ngakhale kuchedwa kwake komwe. Tsamba limenelo ndi lomwe kabolodi kachilendo kaja kankatsegula.

Sanadikire n'komwe funso. "Bwana, ndikudziwa, ndikudziwa, tsamba ndi langa, koma mpeni ukapha munthu mumamanga wosula? Tsambalo amatsegula aliyense, dziko lonse, ulere! Ndipo ine sabata yonse ndinali kumaphunziro kutali, ndafika m'mawa uno, zithunzi nazi, ndili ndi anthu ambirimbiri, onani, uyu ndine ndikugona m'kalasi. Komanso ine waya ndimamuopa ngati njoka, funsani achimwene anu, ndinayesapo kuwotcherera kamodzi ndinapsa mpaka nsidze."

"Pumani kaye. Masewera a malemu anafika bwanji patsamba lanu? Amayi aja analola?"

"Kulola? Aaa! Ndinapempha mpaka kugwada. Ndinati amayi, kaseti imatha, ikadzaduka basi zapita, tiyeni tiijambule tisunge. Anati amuna anga sadzaikidwa pa intaneti ngati nyimbo ya dansi. Ndinasiya. Koma ndaona pompano kuti wina anaikapo masewerawo Lachinayi masana. Patsamba langa aliyense akhoza kuikapo kaseti yojambula. Dzina sanalembe."

"Ndiye lero kaseti inkazungulira pachabe?"

"Pachabe penipeni! Kaseti ikulira uko, masewera akuchokera pa intaneti. Ife takhala chete ngati m'tchalitchi, tikupembedza bokosi lopanda kanthu. Chikhala kuti bandulo ya intaneti ya pashopu sinathere pakati, bwenzi tikuombera m'manja mpaka lero."

"Chete wa chiyani?"

Magalasi anamuyang'ana modabwa. "A Chete sanakuuzenipo lamulo la tebulo? Kaseti ikamalowetsa masewera, tebulo sagwira. Kawaya ka pakati pa wailesi ndi kompyuta n'kokalamba, ukangogwedeza pang'ono zonse zimasokonekera, mumayambiranso poyamba. Ndiye manja pamiyendo, makapu m'manja, kutsokomola komwe umameza. Wapolisi wake ndi amuna anu. Chaka chatha anamenya dzanja la mlendo, munthu wamkulu ndi imvi zake, chifukwa chofuna kuika foni patebulo."

Sajeni ankalidziwa khalidwe limenelo. Kunyumba nako kunali malamulo a malo a supuni ndi malo a rimoti.

"Alipo anajambula lero?"

"Ine amene! Ndimajambula nthawi zonse, ndimatumiza pagulu." Anampatsa foni.

Kanemayo anayamba ndi phokoso la kaseti, kulira kobaya m'makutu. Mizere yamitundu inkavina pa tivi. Mayi wamasiye anali atatseka maso, kapu ili m'manja. Kumbuyo kwawo kunaima mlongo wake wa Sajeni, manja atawabisa kumsana, akuluma mlomo, akuyang'ana kawaya kaja ndi nkhope ya munthu wopempherera kuti kasamuchititse manyazi. Sajeni anapuma mozama. Munthu wodziwa kuti m'bokosi mulibe kanthu sangaope kawaya chotere. Mlongo wake sankadziwa.

Kenako, kumapeto kwa chithunzi, kapu inatera patebulo kuti gu! Pambuyo pake panabwera chigongono, n'kutsamira pomwepo, tebulo mpaka kusuntha pang'ono. Nkhope sinkaoneka. Mizere ya pa tivi inapitiriza kuvina ngati palibe chachitika.

"Bwezani pamenepo," anatero Sajeni.

Magalasi anabweza. Ulendo uno naye anaona.

Mkono wa malayawo unali wa mizere yabuluu, ndi batani limodzi loyera losiyana ndi anzake. Batanilo analisoka ndi Sajeni, ndipo malayawo anawasita yekha m'mawa womwewo.

* * *

Njira ya kunyumba anaiyenda osaiona. Ankafunafuna chifukwa china, chilichonse. Mwina anatopa. Mwina mutu unayamba kale kuwawa. Koma munthu womenya dzanja la nkhalamba chifukwa cha tebulo saiwala tebulo. Amaiwala yekhayo amene mantha amuchokera, wodziwa kuti palibenso choti chisokonekere. Anakumbukanso kuti Lachinayi amuna ake anabwera mochedwa, malaya akununkha pulasitiki wopsa, n'kunena kuti ana apsereza zinthu mu labu ya sayansi kusukulu.

Makiyi anawapeza pamsomali pawo. A Chete anali kuchipinda, atakhala pamphepete pa bedi, nsapato zili kuphazi.

"Mutu uli bwanji, bambo?"

"Ukadali womwewo. Mwapeza chiyani?"

"Ndapeza kuti mlongo wanga sankadziwa kanthu."

"Zimenezo n'zovuta kutsimikiza, mayi. Pa sayansi timati kusapezeka kwa umboni..."

"Musandiphunzitse, sindine mwana wa m'kalasi mwanu. Lero munaika kapu patebulo kaseti ikulira. Munatsamirapo ndi chigongono. Inu, a Chete."

"Munthu amaiwala."

"Supuni ikakhala m'malo mwa foloko simuiwala. Lachinayi masana munali kuti?"

"Kusukulu."

"Ndiimbire ahedi?"

A Chete anayang'ana pansi. Sajeni anafunsapo akuba ambiri pa moyo wake, ndipo ankadziwa mphindi yomwe mapewa a munthu amagwa. Sanaganizepo kuti adzaidikira mphindi imeneyo m'chipinda chake chogona, ndipo itafika inamupweteka koopsa.

A Chete anaimirira, anakwera pampando, n'kutsitsa chinthu chokulunga m'thaulo pamwamba pa wadirobu. Atafunyulula, linali bolodi lija. Pakona pake panali bala lakuda, ndipo fungo lija linadzaza chipinda.

"Sindinabe," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndinkafuna kupulumutsa kaseti. Imatha, mayi, mlungu uliwonse mawu ake amafooka, ndipo amayi aja samva za munthu. Ndinati ndilowe alamu kulibe, ndiijambule, nditseke, palibe adziwe. Ndinajambula bwinobwino. Kenako ndinati ndiyatse makina kamodzi, ndione ngati zojambulazo zikulowa. Pabenchi pa alamu panali ma adaputa a magetsi awiri ofanana mutu. Ndinatenga wolakwika."

"Inu?"

"Ine. Kunangomveka kuti phu! Utsi." Anapukuta kumaso. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira anthu za adaputa. Ndikanayamba bwanji kunena? Ndinati ndiikemo kabolodi kogwirizira, ndiitanitse zida, ndikonze mwakachetechete, ndibwezeretse. Zida zili m'njira. Sabata zingapo basi."

"Ndipo lero, mlamu wanu akutchedwa wakuba, munati chiyani? Munati malo ano amalowa aliyense."

"Ndinachita mantha."

"Mantha ndi anu nokha? Iye alibe?"

A Chete anamugwira dzanja. "Mayi, tamverani. Umboni pa alamu palibe. Akamutenga, mawa amutulutsa. Inu mukalankhule ndi anzanu, amakumverani. Zida zikafika ndikonza, tidzati bolodi lapezeka. Koma ine zikamveka kusukulu kuti ndinalowa m'shopu ya munthu ndi makiyi obisa, ntchito yatha. Ganizirani ana. Ganizirani nyumba ino."

Apa mpamene Sajeni anakwiya zenizeni. Kupsereza makina akanakumvetsa. Ngakhale bodza la labu akanalimeza. Koma munthu uyu, amene anagona naye nyumba imodzi zaka zonsezi, anali atakhala pabedi masana onse akuyeza usiku wa mlongo wake m'chitokosi n'kuupeza wopepuka. Anachotsa dzanja lake.

"Kulungani bolodilo. Munyamula nokha."

"Mayi..."

"Dzuwa likupendeka, bambo. Nyamukani."

* * *

Anapeza mayi wamasiye ataima kale pakhomo la shopu, chikwama chili paphewa. Mkonzi anali atavala jekete, akupereka foni yake kwa Magalasi kuti akaisiye kwa mkazi wake. Anali atakonzeka kupita.

A Chete anaika thaulo pabenchi n'kufotokoza zonse maso ali pansi. Mawu awo aja odzaza kalasi ankachita kusowa. Magalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta.

Mayi wamasiye anafunyulula thaulo, n'kusisita bala lakuda lija ndi chala. "Zinthu zimapsa, aphunzitsi," anatero. "Mukanabwera kwa ine Lachinayi lomwelo, ndikanalira, ndikanakutukwanani, kenako zikanatha. Koma ine lero ndatchula mwana uyu wakuba pamaso pa anthu, inu mutaima pazenera. Mwandichimwitsa pakamwa. Chimenecho ndiye sindikudziwa kuti ndichiika pati."

Sajeni sankawayang'ana awiriwo. Ankayang'ana mlongo wake, amene sanadzidzimuke ngakhale pang'ono. Ankangoona bolodi, osaona alamu ake.

"Iwe," anatero Sajeni. "Unkadziwa."

"Titangotsegula chivundikiro." Anakweza mapewa. "Mawaya anali omanga ndi ulusi, mfundo zofanana, motalikirana bwino. Ine ndimamanga ndi tepi. Amamanga choncho ndi munthu mmodzi."

"Ndiye chifukwa chake unandinamiza za makiyi?"

Mkonzi anagwedeza mutu movomera.

"Ukanakagona m'chitokosi? Mwana wako wakhanda ali kunyumba, shopu ikufa, iwe uli chete?"

"Munandilera ndinu, achemwali. Nyumba yanu ndi yomwe ndinakuliramo. Ndikanaigwetsa ndi pakamwa panga?" Mawu ake anathyoka. "Ndimayembekeza kuti alamu anena okha. Ndinawayang'ana mpaka pomwe anatenga chipewa."

Misozi inamufika Sajeni m'maso, ndipo sanaibise. Anavula mlongo wake jekete lija ndi manja ake, monga ankachitira ali mwana, n'kulipachika pampando. "Pita kwa mkazi wako. Ukamuuze kuti ndibwera kudzaona mwana."

Kenako anatembenukira kwa mayi wamasiye. "Amayi, katundu ndi wanu. Kudandaula kapena kusadandaula zili kwa inu. Koma m'shopu muno munalowa munthu popanda chilolezo, ndipo dzina la mlongo wanga lamveka kale mumsewu monse. Liyera pokhapokha zitalembedwa kuti analowa ndani."

"Ndipita kupolisi," anatero mayiyo. "Ndinanena kuti ndipita."

A Chete anayang'ana mkazi wawo ngati akuyembekeza kuti pali mawu ena otsala, aja amanenedwa anthu akachoka. Sajeni anawapatsa chipewa chawo.

"Tsogolani, bambo. Njira mukuidziwa. M'mawa uliwonse mumanditula pageti pomwepo, lero mulowa."